Mkangano wa ku America pa kuchotsa mimba: alipire ndani, ndipo wafika bwanji m'zipatala za kuno?

Mu Januwale 2025 dzina la Mozambique linamveka m'nyumba ya malamulo ya ku Washington pa nkhani imene anthu ambiri a ku Angónia, Tsangano kapena Chifunde sanaimve n'komwe. Akuluakulu a zaumoyo a boma la America anauza aphungu kuti anamwino anayi a m'dziko muno, amene malipiro awo ankachokera ku thumba la PEPFAR, anathandiza amayi 21 kuchotsa mimba kuyambira mu 2021. Malamulo a Mozambique amalola kuchotsa mimba pa nthawi zoikika, choncho vuto silinali lamulo la kuno. Vuto linali ndalama, chifukwa lamulo la America limaletsa kuti ndalama zake zothandizira maiko ena zigwire ntchito imeneyi. Ndalama zimene zinabwezedwa zinali pafupifupi madola 4,000 basi. Koma a Jim Risch, phungu wa chigawo cha Idaho yemwe amatsogolera komiti ya Senate yoona za maiko akunja, ananena kuti nkhaniyi yaika tsogolo la PEPFAR pa chiswe. PEPFAR ndi thumba limene lakhala likulipira mbali yaikulu ya ntchito yolimbana ndi HIV m'dziko muno, kuphatikizapo ma ARV amene anthu ambiri m'midzi amakatenga ku chipatala.

Kuti munthu amvetse chifukwa chake madola 4,000 angagwedeze thumba la madola mamiliyoni ambirimbiri, ayenera kudziwa mkangano umene wakhala ukuchitika ku America kwa zaka pafupifupi 50. Mkanganowu uli ndi mafunso awiri. Loyamba ndi lakuti kodi mayi aloledwe kuchotsa mimba kapena ayi. Lachiwiri, limene silimveka kawirikawiri kuno, ndi lakuti ngati waloledwa, alipire ndani.

Ku America kudwala n'kodula

Kuno munthu akadwala amapita ku Centro de Saúde, n'kulipira metikali imodzi kuti aonedwe, ndi mametikali asanu ku famasi ngati mankhwalawo alipo. Kutsidya ku Dedza kapena ku Ntcheu zipatala za boma sizilipiritsa. Mavuto alipo, monga mtunda, mzere wautali ndi kusowa kwa mankhwala, koma chipatalacho n'cha boma.

Ku America si choncho. Zipatala zambiri si za boma, ndipo kugonekedwa masiku ochepa kungadye ndalama zimene munthu amapeza chaka chonse. N'chifukwa chake anthu amadalira inshuwaransi ya zaumoyo, imene m'Chipwitikizi amati seguro de saúde. Kayendedwe kake kamafanana ndi gulu la maliro la m'mudzi kapena la kumpingo: aliyense amasonkha mwezi ndi mwezi, ndipo amene zamugwera ndiye amathandizidwa kuchokera m'thumbamo. Pafupifupi theka la anthu a ku America amapeza inshuwaransi kudzera kuntchito, kumene bwana amalipira mbali ina, wantchito mbali ina. Okalamba ali ndi thumba la boma lotchedwa Medicare. Osauka ali ndi Medicaid, imene inakhazikitsidwa mu 1965, ndipo ndalama zake zimachokera ku boma lalikulu la ku Washington pamodzi ndi maboma a zigawo 50 za dzikolo. Medicaid si kanthu kakang'ono: mwa ana khumi alionse obadwa ku America, pafupifupi anayi amabadwa mothandizidwa ndi thumba limeneli.

Tsono amene amalemba mndandanda wa zinthu zimene thumba lingalipire ali ndi mphamvu zambiri. Chimene chachotsedwa pa mndandanda, wolemera amadzilipirira yekha, wosauka amachisowa.

Lamulo la a Hyde

Mu Januwale 1973 bwalo lalikulu la milandu la America linagamula mlandu wotchedwa Roe v. Wade. Oweruza asanu ndi awiri mwa asanu ndi anayi anati malamulo aakulu a dzikolo amateteza ufulu wa mayi wosankha kuchotsa mimba, makamaka m'miyezi yoyambirira. Kuchokera pamenepo Medicaid inayamba kulipira thandizoli monga imalipirira thandizo lina lililonse, ndipo inkalipirira amayi pafupifupi 300,000 pa chaka.

Otsutsa kuchotsa mimba anaona kuti kusintha chigamulo cha bwalo kungatenge nthawi yaitali. Anayang'ana ku bajeti. Mu 1976 a Henry Hyde, phungu wa chipani cha Republican wochokera ku Illinois, anawonjezera mawu ochepa mu lamulo la bajeti ya unduna wa zaumoyo, oletsa kuti ndalama za boma lalikulu zilipire kuchotsa mimba. Mawu amenewa ndiwo amatchedwa Hyde Amendment. A Hyde sanabise cholinga chawo. Pa mtsutso wa mu 1977 ananena poyera kuti akanakonda kuletsa mayi aliyense, wolemera, wapakatikati kapena wosauka, koma njira yokhayo imene inali m'manja mwawo inali bajeti ya Medicaid.

Chodabwitsa n'chakuti lamuloli si lokhazikika. Limakhala chaka chimodzi, ndipo limayenera kulembedwanso mu bajeti ya chaka chotsatira. Lakhala likulembedwanso chaka ndi chaka kuyambira nthawi imeneyo, boma likhale la Republican kapena la Democrat. Chimene chakhala chikusintha ndi zifukwa zapadera zololedwa. Kuyambira mu 1993 ndalama za boma zimatha kulipira ngati mimba yabwera chifukwa chogwiriridwa, ngati yabwera pakati pa achibale, kapena ngati moyo wa mayi uli pangozi. Kupatula pamenepo, ayi. Malamulo ofanana nalo amakhudzanso asilikali ndi mabanja awo, ogwira ntchito m'boma lalikulu ndiponso amayi a m'ndende za boma lalikulu.

Lamuloli linayamba kugwira ntchito mu Ogasiti 1977. Mu Okutobala chaka chomwecho Rosie Jimenez, mayi wa zaka 27 wa mwana mmodzi yemwe ankaphunzira uphunzitsi, anamwalira m'tauni ya McAllen ku Texas atachotsa mimba kwa munthu wopanda chilolezo. Imfa yake imatchulidwa mpaka lero ngati yoyamba yodziwika yobwera chifukwa cha lamulo la a Hyde.

Nkhaniyi inabwereranso ku bwalo lalikulu, ndipo mu 1980, pa mlandu wa Harris v. McRae, oweruza asanu anagwirizana ndi lamuloli, anayi anatsutsa. Maganizo a asanuwo anali akuti boma siliyenera kutchinga njira ya mayi, koma silikakamizidwanso kuchotsa chopinga chimene silinaike lokha. Umphawi wa mayiyo, iwo anatero, si boma linaupanga. M'chilankhulo cha kumudzi, bwalo linati msika ndi wotsegula kwa aliyense, koma ndalama ya basi aliyense adzionere.

Kuchotsa mimba ya miyezi itatu yoyambirira ku America kumadya madola 500 kapena kuposa, amene ndi mametikali oposa 30,000. Kwa mayi wa pa Medicaid imeneyi ndi ndalama ya lendi kapena ya chakudya cha ana. Pamene akuthamanga kufunafuna ngongole, masabata akupita, ndipo mtengo ukukwera pamodzi ndi kukula kwa mimba. Bungwe la Guttmacher, limene limachita kafukufuku pa nkhanizi ndipo lili kumbali yofuna ufuluwu, linapeza kuti mwa amayi anayi a pa Medicaid amene akanachotsa mimba, mmodzi amabereka chifukwa chosowa ndalama. Chiwerengero chomwechi mbali ziwiri zimachiwerenga mosiyana. Ena amaonapo amayi okakamizidwa ndi umphawi. Ena amaonapo ana amene ali moyo lero chifukwa cha lamulo la a Hyde.

Zigawo zili ndi ufulu wogwiritsa ntchito ndalama zawozawo. California, New York ndi zigawo zina zimalipira, koma zambiri sizilipira.

Zimene mbali ziwiri zikunena

Otsutsa kuchotsa mimba, amene pakati pawo pali mabishopu a Katolika, mipingo yambiri ya chievanjeliko ndi mbali yaikulu ya chipani cha Republican, amayambira pa chikhulupiriro chakuti moyo wa munthu umayamba pamene mayi waima. Kwa iwo kuchotsa mimba si chithandizo cha kuchipatala, ndi kupha. Pa nkhani ya ndalama amawonjezera kuti ngakhale dziko litalola, munthu asakakamizidwe kulipirira ndi msonkho wake chinthu chimene chikumbumtima chake chimakana. Mfundo imeneyi yakhala ikukopa ngakhale anthu ena amene safuna kuti kuchotsa mimba kuletsedwe. A Joe Biden, amene ndi Mkatolika, anakhala kumbali ya lamulo la a Hyde kwa zaka zambiri ali phungu, ndipo anasintha maganizo mu Juni 2019 pamene ankafuna kuimira chipani cha Democrat pa chisankho.

A mbali inayo amati ufulu umene wolemera yekha ndiye angaugwiritse ntchito si ufulu. Amanenanso kuti msonkho umalipira zinthu zambiri zimene anthu ena amadana nazo, monga nkhondo, koma palibe amene amaloledwa kusankha kumene msonkho wake upite. Ndipo amakumbutsa kuti mayi amene watsimikiza mtima salekera pomwepo chifukwa chosowa ndalama. Ena amapita kumene Rosie Jimenez anapita.

Pali mfundo ina ya otsutsa imene ndi yofunika kuigwira bwino, chifukwa ndi imene inadzafika kuno. Iwo amati ndalama zilibe chizindikiro. Ukathira ndowa ya madzi mumtsuko momwe muli kale madzi ena, sungathe kunena kuti awa ndi anga, awo ndi ako. Boma likapatsa bungwe ndalama za njira zolera, bungwelo limatsala ndi ndalama zake zina zoti lichotsere mimba. Choncho, iwo amati, sikokwanira kuletsa ndalama za boma kulipira kuchotsa mimba. Bungwe lonselo lisalandire kanthu. Mfundoyi ilibe polekezera, chifukwa ikatsatidwa mpaka kumapeto, ngakhale msewu wa boma wopita ku chipatala ungawerengedwe ngati thandizo.

Mkangano wa mu 2009

Pamene a Barack Obama analowa m'boma mu 2009, anthu oposa 40 miliyoni a ku America analibe inshuwaransi ya mtundu uliwonse. Lamulo limene anabweretsa, lodziwika ndi dzina lakuti Obamacare, linali loti boma lizithandiza anthu kugula inshuwaransi ku makampani. Funso linabuka nthawi yomweyo: ngati boma likulipira mbali ya mtengo, ndipo inshuwaransiyo ikulipira kuchotsa mimba, kodi si ndalama za boma zikugwira ntchitoyo?

Amene anaimitsa zinthu sanali a chipani chotsutsa okha. A Bart Stupak, phungu wa Democrat wochokera ku Michigan, Mkatolika, anagwirizana ndi a Joe Pitts a Republican kubweretsa mfundo yakuti inshuwaransi iliyonse imene yalandirako ndalama za boma isalipire kuchotsa mimba. Mabishopu a Katolika anaikira kumbuyo mfundoyi mwamphamvu, ndipo mu Novembala 2009 inadutsa m'nyumba ya aphungu ndi mavoti 240 kwa 194. Ku Senate kunapezeka njira ina kudzera mwa a Ben Nelson a ku Nebraska: kampani ikhoza kulipira kuchotsa mimba, koma ndalama zake zisungidwe m'thumba lapadera lochokera m'matumba a ogula okha, osachepera dola imodzi pa mwezi, ndipo chigawo chilichonse chili ndi ufulu woletseratu.

Lamulo lonse, lokhudza umoyo wa anthu mamiliyoni, linatsala pang'ono kugwa pa mfundo imodziyi. A Stupak ndi anzawo ochepa anavomera kuvota pokhapokha a Obama atalonjeza kusaina chikalata chotsimikiza kuti mfundo za a Hyde zidzatsatidwa. Lamulo linasainidwa pa 23 Malichi 2010, chikalatacho tsiku lotsatira. A Stupak anatukwanidwa ndi mbali zonse ziwiri, ena akuti agulitsa amayi, ena akuti agulitsa ana, ndipo sanaimenso pa chisankho cha chaka chimenecho.

Pambuyo pake pafupifupi theka la zigawo linaletsa kuti inshuwaransi zogulidwa pansi pa Obamacare zilipire kuchotsa mimba. Zina zinapitirira n'kuletsa ngakhale inshuwaransi za kuntchito, momwe mulibe ndalama ya boma ngakhale imodzi. Ku Michigan lamulo la mu 2013 linkafuna kuti mayi agule inshuwaransi yapadera mimba isanabwere, ngakhale mimba ya kugwiriridwa. Linachotsedwa mu 2023. Zigawo zina monga California, Oregon ndi Illinois zinachita zosiyana, n'kulamula makampani kuti azilipira.

Chigamulo cha 2022

A Donald Trump atalowa m'boma koyamba anasankha oweruza atatu a bwalo lalikulu, a Neil Gorsuch, a Brett Kavanaugh ndi a Amy Coney Barrett. Pa 24 Juni 2022, pa mlandu wa Dobbs wochokera ku Mississippi, bwalolo linafafaniza chigamulo cha Roe v. Wade n'kunena kuti chigawo chilichonse chidzipangire lamulo lake. Zigawo zoposa khumi, kuphatikizapo Texas, zinaletsa kuchotsa mimba pafupifupi pa chifukwa chilichonse. Kwina anthu anavota okha n'kukana chiletso, monga ku Kansas mu Ogasiti 2022, ngakhale kuti chigawocho chimakonda kuvotera Republican.

Funso la ndalama silinathe, linangokula. Tsopano mayi wa ku Texas ayenera kupeza ndalama ya ulendo wopita ku chigawo china, ya kogona, ndi wom'sungira ana. Makampani ena aakulu monga Amazon ndi Starbucks analengeza kuti azilipirira antchito awo ulendowu. Mu Julayi 2025 a Trump anasaina lamulo la bajeti limene linaletsa kwa chaka chimodzi kuti Medicaid ilipire mabungwe monga Planned Parenthood, ngakhale pa ntchito zina monga njira zolera ndi kuyeza khansa. Ndi mfundo ya mtsuko ija.

M'mene mkanganowu unawolokera nyanja

Lamulo loletsa ndalama za America kulipira kuchotsa mimba m'maiko ena ndi lakale kuposa la a Hyde. Linabwera mu 1973 kudzera mwa a Jesse Helms, phungu wa North Carolina, ndipo silinachotsedwepo. Ndi limeneli linagwira anamwino anayi aja.

Mu 1984, pa msonkhano wa chiwerengero cha anthu ku Mexico City, boma la a Ronald Reagan linawonjezera mfundo yolimba kwambiri. Bungwe la m'dziko lina lomwe si la boma, ngati likufuna ndalama za America, liyenera kulonjeza kuti silidzachotsa mimba, silidzalangiza mayi za kuchotsa mimba, silidzamulozera kumene thandizolo lili, ndiponso silidzapempha boma lake kuti lifewetse lamulo, ngakhale litagwiritsa ntchito ndalama zochokera kwina. Otsutsa mfundoyi amaitcha lamulo lotseka pakamwa. Imayenda ngati nyengo: a Bill Clinton anaichotsa mu 1993, a George W. Bush anaibwezeretsa mu 2001, a Obama anaichotsa mu 2009, a Trump anaibwezeretsa mu 2017, a Biden anaichotsa mu 2021, ndipo a Trump anaibwezeretsanso mu Januwale 2025.

Kubwerera kwa mu 2017 ndiko kunapweteka kwambiri. Kale mfundoyi inkakhudza ndalama za njira zolera zokha, pafupifupi madola 600 miliyoni pa chaka. A Trump anaikulitsa kuti ikhudze pafupifupi ndalama zonse za zaumoyo zopita kunja, madola oposa 8 biliyoni, kuphatikizapo za HIV, malungo ndi chifuwa chachikulu. M'dziko muno bungwe la AMODEFA, limene lakhala likugwira ntchito ya uchembere ndi njira zolera kwa zaka zambiri, linakana kusaina, chifukwa kusaina kukanatanthauza kubisira amayi chinthu chimene lamulo la dziko lawo limawalola. Linataya ndalama zoposa theka la bajeti yake. Zipatala zina za achinyamata zinatsekedwa, antchito anachotsedwa, ndipo ntchito ina yoyendera odwala HIV m'makomo inaima. Zambiri mwa zimene zinaimazo zinalibe chochita ndi kuchotsa mimba.

Kodi mfundoyi imachepetsa kuchotsa mimba, monga eni ake amafunira? Akatswiri a ku yunivesite ya Stanford anayang'ana maiko 26 a kum'mwera kwa Sahara pakati pa 1995 ndi 2014, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2019 m'magazini ya The Lancet Global Health. Anapeza kuti m'zaka zimene mfundoyi inali kugwira ntchito, m'maiko odalira kwambiri ndalama za America kugwiritsa ntchito njira zolera zamakono kunatsika ndi 14 pa 100 alionse, mimba zinachuluka ndi 12 pa 100, ndipo kuchotsa mimba kunakwera ndi pafupifupi 40 pa 100 poyerekeza ndi maiko osadalira kwambiri. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mabungwe amene amataya ndalama ndi omwewo amene amabweretsa jakisoni ndi mapiritsi a kulera kumidzi. Jakisoni akasowa, mimba zosayembekezereka zimachuluka. Pa mfundo iyi yokha, munthu wodana ndi kuchotsa mimba ndi mtima wake wonse ali ndi chifukwa chokayikira ngati njirayi ikum'fikitsa kumene akufuna.

Chaka cha 2025 chinabweretsa china choposa apa. Boma la a Trump linaimitsa thandizo lambiri lopita kunja, ndipo bungwe la USAID linatsekedwa. Zimenezi zinali ndi zifukwa zina zambiri, osati nkhani ya mimba yokha, koma nkhani ya anamwino a ku Mozambique inapatsa mphamvu aphungu amene ankanena kale kuti ndalama za PEPFAR zimasochera.

Malamulo atatu pa malire amodzi

Anthu a m'malire amadziwa kuti munda ukhoza kukhala dziko lina, chigayo dziko lina. Pa nkhani iyi malamulo ndi osiyana kwambiri, ndipo ambiri sawadziwa.

Mozambique inkayendera lamulo la milandu la Apwitikizi la mu 1886 mpaka pamene Assembleia da República inavomereza latsopano, limene a Armando Guebuza anasaina mu Disembala 2014. Lamulo latsopanoli limalola mayi kuchotsa mimba mwa kufuna kwake m'masabata 12 oyambirira. Ngati mimba yabwera chifukwa chogwiriridwa kapena pakati pa achibale, malire ndi masabata 16. Ngati mwana ali ndi chilema chachikulu kapena matenda osachiritsika, ndi masabata 24. Moyo wa mayi ukakhala pangozi, madokotala amaloledwa kumupulumutsa. Ntchitoyi iyenera kuchitikira m'chipatala chovomerezeka, ndi wazaumoyo wophunzitsidwa, mayi atavomereza molemba, ndipo mtsikana wosakwana zaka 16 amafunika chilolezo cha kholo kapena womuyang'anira. Unduna wa zaumoyo, MISAU, unatulutsa malangizo a kagwiridwe ka ntchitoyi mu 2017, ndipo lamulo la milandu lokonzedwanso mu 2019 linasunga mfundo zimenezi. Chimene chinakankha aphungu kwambiri chinali imfa za amayi ndi atsikana obwera ku chipatala mochedwa atayesa zitsamba, timitengo kapena mankhwala ogula mobisa. Mipingo ina, makamaka ya Katolika, sinagwirizane nalo ndipo sigwirizana nalo mpaka lero, koma nkhaniyi sinagawe zipani monga ku America.

Ku Malawi lamulo likadali lolimba. Kuchotsa mimba kumaloledwa pofuna kupulumutsa moyo wa mayi. Kupatula apo, wochotsa akhoza kumangidwa zaka 14, mayiyo zaka 7. Kafukufuku wa College of Medicine ndi Guttmacher anayerekeza kuti mu 2015 mokha mimba pafupifupi 141,000 zinachotsedwa m'dzikolo, zambiri mobisa. Bilu yofewetsa lamuloli inakonzedwa, koma mu Disembala 2016 mabishopu a Katolika ndi mipingo ya chievanjeliko anatsogolera zionetsero zoikana, ndipo mu Malichi 2021 aphungu anakana ngakhale kuikambirana pamene a Matthews Ngwale anafuna kuibweretsa m'nyumba ya malamulo. Mu 2025 bwalo lalikulu la milandu la ku Malawi linagamula kuti mtsikana wamng'ono wotenga mimba chifukwa chogwiriridwa ayenera kupatsidwa thandizoli, koma bilu ija sinadutsebe.

Zambia ili ndi lamulo lololeza kuyambira mu 1972, lomwe limayang'ana umoyo wa mayi ndi m'mene akukhalira, koma limafuna kuti madokotala atatu asaine. Kumudzi kumene dokotala mmodzi yemwe ndi wosowa, lamulo lotere limangokhala papepala.

Maiko atatu onsewa anavomereza pangano la African Union la ufulu wa amayi, limene linasainidwa ku Maputo mu 2003. Gawo 14 la panganoli limapempha maiko kulola kuchotsa mimba ngati mayi wagwiriridwa, ngati mimba ndi ya wachibale, kapena ngati ikuika pangozi umoyo kapena moyo wake.

Inshuwaransi ya zaumoyo ndi ya anthu ochepa kuno, makamaka a m'makampani aakulu monga a malasha ku Moatize ndi a m'mabanki. Mlimi wa mbatata ku Tsangano alibe. Koma funso la a Hyde lija lilipo m'njira ina. Namwino wa pa Centro de Saúde akhoza kukhala kuti amalipidwa ndi boma la Mozambique, pamene mnzake wa chipinda choyandikana amalipidwa ndi ndalama za America. Onse avala zoyera, onse amaona odwala omwewo, koma chimene wina angachite mwalamulo, mnzakeyo akachita ndalama ziyenera kubwezedwa. Mayi wolowa pakhomo sangadziwe kuti uyu ndi uti.

Pali chinthu chimodzi chimene malamulo onsewa, la a Helms, la ku Mexico City, la Malawi, la Zambia ndi la Mozambique, saletsa: kuthandiza mayi amene mimba yachoka kale, kaya yachoka yokha kapena yachotsedwa. Mayi amene akutaya magazi ambiri, akutentha thupi, akumva kupweteka kwambiri m'mimba kapena akutuluka zonunkha ayenera kuthamangira naye ku chipatala tsiku lomwelo, mbali iliyonse ya malire, ndipo ndalama za America zimaloledwa kulipira thandizo limeneli.

Ku Washington chaka cha bajeti chimayamba pa 1 Okutobala, ndipo chaka chilichonse mawu a a Hyde amayenera kuvoteredwanso. Chipani cha Democrat chinalemba mu mfundo zake za chisankho cha 2016 kuti chidzawachotsa, ndipo a Biden anapereka bajeti yopanda mawuwa mu 2021, koma mawuwo anabwezeretsedwa mu bajeti yomaliza imene aphungu anavomereza. Mfundo ya ku Mexico City siifuna voti ya aphungu: mtsogoleri wa dziko amaisaina kapena kuichotsa yekha, nthawi zambiri m'sabata zoyambirira atalowa m'boma. Chisankho cha mtsogoleri wa America chotsatira chidzachitika mu Novembala 2028.